Malemu Obadiya Anandisumira ku Boma

1

Ine Elifala ndinaimbidwa mlandu ku boma la Dowa ndi munthu wakufa. Sekani ndithu, sindikukuletsani. Ngakhale amesenjala a pakhomo la bwalo anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Koma kwa ine sizinali zoseketsa, chifukwa chimene wakufayo ankafuna chinali mkazi wanga Lenia, ndipo Lenia ndinkamukonda mochititsa manyazi.

Zinachitika nkhondo ya Jeremani isanayambe. Ndinali mphunzitsi wa sukulu yofolera ndi udzu m'mudzi wina kufupi ndi kwa Dzoole, wotumidwa ndi a mishoni. Ndinali ndi jekete, sileti ndi belu la khasu lakutha, ndipo ndikamadutsa amayi ankapatuka n'kugwada m'mbali mwa njira. Masiku amenewo amuna ankathera ku Halale, ulendo wapansi wa mwezi wathunthu, ndipo mbiri yawo inkafika m'makalata onyamulidwa ndi anzawo obwerera kumudzi. Wowerenga makalatawo m'mudzi monsemo ndinali ine ndekha.

Tsono kwathuko kunali mwambo. Kalata sinkawerengedwa m'nyumba. Ankati kalata yowerengera m'nyumba ndi ya afiti kapena ya achigololo. Lamulungu tikatuluka m'mapemphero, anthu onse ankakhala pabwalo la sukulu, mwini kalata n'kubwera nayo ndi manja awiri, ine n'kukwera pachulu, n'kukhosomola kawiri. Chinsinsi panalibe. Chimene mwamuna wako wakuuza ndiye kuti wauza mudzi wonse, ndi agalu omwe.

Makalata okoma kuposa onse anali a Obadiya, mwamuna wa Lenia. Munthuyo ali kumudzi, mawu amene ankalankhula kwa mkazi wake anali awiri, "madzi" ndi "fodya". Koma atangofika ku Halale pakamwa panatseguka. Kalata ina inkati akamva njiwa ikulira amakumbuka mmene Lenia amasekera atabisa mano ndi dzanja. Ina inkati akazi a kumeneko amangowaona ngati zitsa. Amayi ena akamva zimenezi ankabwerera kunyumba n'kukayambana ndi amuna awo popanda chifukwa. Lenia ankamvetsera atawerama, misozi ikudonthera pansalu. M'zaka zinayi analandira makalata asanu, ndipo amuna atatu amene anabwera kudzamunyengerera kuti Obadiya wachona, onse anabwerera manja ali m'khosi.

Ine ndinkamuyang'ana ndili pachulupo. Zimenezo sindikana.

2

Kalata yachisanu ndi chimodzi inabwera ndi mlendo wopita ku Kasungu, amene anailandira kwa munthu wina padoko la Tete. Mlendoyo anali asanamuonepo Obadiya, anangouzidwa kuti kalatayo ndi ya Lenia. Pepala lake silinali ngati ena aja. Linali lolimba, loyera bwino, koma m'mbali mwake monse munali mzere wakuda bii, kukula kwake ngati chala.

Ndinalitambasula pachulu paja, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Lenia anali atayamba kale kumwetulira podikira za njiwa.

"Obadiya watisiya," ndinatero.

Wina anafunsa chimene chinamupha. Ndinati malungo a masiku atatu. Wina anafunsa ngati anasiya mawu. Ndinati anatsirizika akutchula dzina la mkazi wake. Lenia anagwa chafufumimba, ndipo kulira kwake kunamveka mpaka tsidya la dambo.

Maliro anayendetsa ndi a Stefano, atsibweni ake a Obadiya, amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo komanso mkulu wa mpingo. Popeza mtembo panalibe, anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga mumphasa, n'kuliika m'manda ndi ulemu wonse. Nyimbo ndinatsogolera ndine. Ulaliki ndinalalikira ndine, ndipo anthu anati sanamvepo ulaliki wa pamaliro wogwira mtima chotero. Mbuzi ziwiri za malemu zinaphedwa. Anthu anameta, nyumba ya malemu inagwetsedwa monga mwa mwambo, ndipo a Stefano anayenda ulendo wa tsiku lonse kukafufutitsa dzina la mphwawo m'buku la msonkho ku boma.

Lenia anagona pansi chaka chathunthu, osadzola mafuta, osaseka. Chaka chitatha a Stefano anamusudzula pamaso pa anthu, kumuuza kuti tsopano ndi mfulu. Patapita miyezi itatu ine ndinatuma nkhoswe. Musandikwinyire nkhope, mkaziyo anali womasuka.

Ndinamanga nyumba kwawo kwa Lenia ngati mkamwini aliyense, n'kumalimira apongozi jekete nditaipachika pamtengo. Chaka chimenecho ndinanenepa mpaka mabatani anayamba kuthothoka. Chondisautsa chinali chimodzi chokha. Lenia ankasunga makalata onse asanu ndi limodzi m'kadengu kudenga, ndipo nthawi zina ankandipempha kuti ndimuwerengerenso ya njiwa ija. Ndinkakana. Ndinkati mwamuna wamoyo sawerengera mkazi wake zachikondi za mwamuna wakufa, ndipo iye ankaseka n'kumati Aphunzitsi ali ndi nsanje.

3

Tsiku lina masana, nyengo yokolola, amayi akutonola chimanga pabwalo, kunatulukira munthu panjira ya kudambo. Anali atavala chipewa, nsapato atazikoloweka paphewa, sutikesi yamalata ili pamutu. Amayi atamuzindikira kuti ndi Obadiya anasiya malichero n'kuthawira m'mapesi, wina mpaka kuiwala mwana pamphasa. Munthuyo anayenda mpaka pamene panali nyumba yake, n'kupezapo maungu akuyanga.

A Stefano anabwera Baibulo lili kudzanja lamanja, phulusa kudzanja lamanzere, akuti chimene chigwire ntchito chigwire. Anakana kulankhula ndi Obadiya maso ndi maso. Anayang'ana mtengo wa msuku umene unali pambali, n'kuuza mtengowo:

"Muwauze malemu kuti ife tinawalira kale. Ngati ali ndi dandaulo, njira yake ndi maloto."

Obadiya anati iye sanafe. A Stefano, akuyang'anabe msuku, anati zimenezo akanatiuza tisanakumbe. Anamutenga kukamuonetsa manda ake kuti akhulupirire, ndipo munthuyo m'malo mothokoza anayamba kudandaula kuti anamuika pafupi ndi mkulu wina amene ankakangana naye za malire a munda. Mudzi wonse unamutcha malemu Obadiya. Chakudya ankamuikira patali m'chipanda, ndipo ana ankamugenda ndi zitsononkho kuti aone ngati zibooleza.

Koma iye ankafuna chimodzi, mkazi wake. Ankhoswe anakhala pansi masiku atatu. A Stefano ankati tsitsi lometa silibwezeredwa kumutu, ndipo mkazi wosudzulidwa ndi wosudzulidwa. A kwawo kwa Lenia ankati nkhuku za ukwati wachiwiri zinadyedwa kale. Mkulu wina anapereka nzeru yakuti afukule thunthu la nthochi lija alifunse, ndipo anthu anayamba kuiganizira ndithu nzeruyo. Tsiku lachitatu Obadiya anaimirira n'kufunsa kuti ananena kuti iye wamwalira ndani. Maso onse anatembenukira kwa ine. Anafunsanso kuti anakwatira mkazi wake ndani. Maso sanavutike n'kutembenuka, anali ali pomwepo.

Madzulo ake Lenia anandipeza kuseri kwa nkhokwe. Sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, munawerenga zoona?"

"Ndinanena zimene ndinaona papepala," ndinayankha.

Silinali bodza, koma sindinamuyang'ane kumaso. M'mawa mwake Obadiya ananyamuka ulendo wa ku boma kukandisumira kuti ndinamupha ndi pakamwa kuti ndimulande mkazi.

4

Tsiku la mlandu litayandikira tinapita ku Dowa theka la mudzi, kukwera ndi kutsika mapiri aja tsiku lonse. Malemu ankayenda patsogolo payekha, chifukwa panalibe wofuna kuti mthunzi wake umukhudze. Lenia ankayenda pakati pa amayi, atanyamula kadengu kake pamutu. Ine ndinali pambuyo.

Woweruza anali bwana wa boma, mzungu wofiira nkhope, kaliwo ali pakamwa. Womasulira komanso wosunga mabuku anali kalaliki wina wochokera ku Ntchisi, dzina lake Gideoni, munthu wowonda wosadziwa kuseka. Gideoni anatsegula buku lalikulu, n'kuyendetsa chala, n'kuuza bwana kuti wodandaula anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo dzina lake lili ndi mzere pakati. Bwana anayang'ana buku, n'kuyang'ana Obadiya, n'kuyang'ananso buku. Kenaka anati bwalo lake silimva milandu ya akufa, choncho choyamba wodandaulayo anene yekha ngati ali moyo.

Obadiya anadziguguda pachifuwa kuti ali moyo wamphumphu. Gideoni anaviika cholembera mu inki n'kumuuza mofatsa kuti wamoyo aliyense amakhoma msonkho, ndipo iye ali ndi zaka zitatu zosakhoma. Pamenepo Obadiya anasiya kudziguguda. Anakanda kumutu, anayang'ana kudenga, kenaka anafunsa mwaulemu kwambiri:

"Bwana, sizingatheke kuti pa nkhani ya mkazi ndikhale wamoyo, koma pa nkhani ya msonkho ndikhale monga mmene buku lanenera?"

Bwana anatsamwa ndi utsi. Amesenjala anatuluka panja kukasekera kukhonde. Atapezako mpweya, bwana analamula kuti munthuyo ali moyo mbali zonse, ndipo Gideoni analembanso dzina lake pansi pa lakufa lija. A Stefano, amene anakhala milungu iwiri akulankhula ndi mitengo, anatembenuka n'kumupatsa moni mphwawo, n'kumufunsa za ulendo.

Tsopano unatsala mlandu wanga. Bwana anafunsa ngati kalata ija ilipo. Ine ndinkapemphera kuti chiswe chikhale chitaidya, koma Lenia anagwada n'kuitulutsa m'kadengu ili bwinobwino. Ndinaona Obadiya atasintha nkhope ataona pepalalo, koma sindinasamale, ndinali ndi zanga. Gideoni anandipatsira m'manja.

"Bwana akuti, Aphunzitsi, werengani monga munawerengera tsiku lija, mukuloza ndi chala liwu lililonse."

5

Apa ndiye ndikuuzeni chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Ine sindinkadziwa kuwerenga zolemba pamanja. Zosindikizidwa m'buku ndinkawerenga ngati madzi, ndipo ana ndinkawaphunzitsa zilembo zoima pazokhapazokha pasileti. Koma ku mishoni ananditumiza kumudzi msanga chifukwa aphunzitsi ankasowa, tisanafike pa zilembo zolumikizana zija zimene alembi a ku Halale ankalemba. Kwa ine zinkaoneka ngati nyongolotsi zagwa mu inki. Tsiku loyamba mayi wina wokalamba atandibweretsera kalata ya mwana wake pamaso pa mudzi wonse, ndinayang'ana jekete langa, ndinayang'ana anthu atagwada, ndipo pakamwa panga panakana kunena kuti sindidziwa. Ndinapeka. Mayiyo anavina. Kuyambira pamenepo ndinkayang'ana nkhope ya mwini kalata n'kumuuza chimene nkhopeyo ikufuna. Amuna obwera kuchokera ku Halale akamva kuti analemba mawu okoma sankatsutsa, ankangokweza mapewa n'kumayenda monyada.

Nanga imfa ya Obadiya? Ndili ku mishoni ndinaonapo dona wina atalandira kalata ya mzere wakuda n'kulira tsiku lonse, ndipo wophika anatiuza kuti azungu amalembera maliro papepala lotero. Choncho nditaona mzere uja sindinakayike. Ndinakhulupiriradi kuti munthuyo wafa. Malungo ndi mawu otsiriza aja ndinangowonjezera kuti imfayo ikhale yaulemu.

Ndili chiimire m'bwalomo ndinaona njira ziwiri. Ndikapekanso, Gideoni andigwira, ndipo Lenia akhulupirira kuti ndinapha mwamuna wake mwadala chifukwa cha chilakolako. Ndikanena zoona, uphunzitsi watha. Ndinasankha Lenia. Ndinaulula zonse, thukuta likuyenderera m'jekete.

Phokoso limene linabuka, amesenjala anachita kumenya ndodo pansi. Mayi wina ankafunsa ngati mwana wake analidi kapitawo. Wina ankafuna kudziwa ngati mwamuna wake anasiyadi mowa. Bwana analamula bata, n'kuuza Gideoni kuti awerenge. Gideoni anawerenga ndi mawu omwe aja owerengera msonkho:

"Kwa Lenia. Ine Obadiya ndili bwino ndipo ndanenepa. Kuno ndakwatira mkazi wina wodziwa kusita zovala, choncho iwe ndakusiya. Usandidikire. Ukwatiwe ndi aliyense, ngakhale kamphunzitsi kaja. Mbuzi zanga ziwiri upereke kwa atsibweni anga."

A Stefano anabuula atazindikira kuti mbuzi zimene anapha pamaliro zinali zawo. Obadiya anayang'ana pansi. Atapanikizidwa anavomera kuti mawuwo anali ake, kuti mlembi anangolemba zimene iye ananena. Pepala analitenga m'kabati ya dona wamasiye amene ankamugwirira ntchito, poona kuti ndi lokongola, loyenera nkhani yaikulu. Mkazi wodziwa kusita uja anadzamuthamangitsa n'kumulanda bulangeti, ndipo iye anabwerera kumudzi akuyembekeza kuti kalatayo inamira mu Zambezi. Atapeza kuti palibe akudziwa zimene zinalembedwamo, anaona kuti kufa kuli bwino kusiyana ndi kuulula.

Chigamulo sichinachedwe. Obadiya ali moyo, akhome msonkho, mkazi alibe chifukwa anamusiya yekha. Ukwati wa Elifala ndi Lenia ukuima, palibe wouthetsa. Za uphunzitsi wanga, bwana anati akaona okha amene anandituma. Ndinatuluka m'bwalo ndili wopanda ntchito, wopanda ulemu, koma mumtima ndikuimba. Mkazi anali wanga mwa mwambo, mwa mpingo ndi mwa boma lomwe.

6

Lenia sanatuluke nane. Anagwada pamaso pa Gideoni n'kumupempha kuti amuwerengere makalata asanu otsala aja, koma kuseri kwa ofesi, popanda munthu wina womva. Amayi a kwathu anang'ung'udza kuti zimenezo n'zachilendo. Ndinamudikira pansi pa mtengo, ndipo sanachedwe, chifukwa makalatawo anali aafupi.

Pobwerera tinatsalira m'mbuyo mpaka anthu ena onse anatsogola. Tili pamwamba pa chitunda, mudzi wathu ukuonekera patali, anatula kadengu n'kukhala pamwala. Anandiuza mosakweza mawu kuti kalata yoyamba inkapempha fodya. Yachiwiri inkanena za mapazi otupa. Zitatu zotsalazo zinkafunsa ngati mbuzi zaswa. Dzina lake linkapezeka pamwamba pokha.

"Nanga njiwa ija inali ya yani?" anafunsa.

"Inali yanga," ndinatero. Ndipo chitsiru ine, ndinamwetulira. Ndinkaganiza kuti tsopano aona kuti amene ankamukonda zaka zonsezo ndinali ine, agwe m'manja mwanga.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwake munalibe misozi.

"Obadiya uyu wabwerayu sindinamukondepo," anatero. "Akanapanda kulemba, ndikanamudikira chaka chimodzi, n'kupempha ankhoswe andimasule. Koma inu munandipatsa mwamuna wina, wa m'makalata. Ameneyo ndiye ndinamudikira zaka zinayi. Ameneyo ndiye ndinamugonera pansi chaka chathunthu. Ngakhale ndili m'nyumba mwanu ndimamulirabe. Lero ndamva kuti sanakhalepo. Munamuumba ndinu, munamupha ndinu, kenaka munabwera kudzandipepesa maliro."

Ndinayesa kunena kuti mwamunayo alipo, ndi ine ndaima panoyu. Anapukusa mutu. Anati mwamuna wa m'makalata uja sakanamusiya agone pansi miyezi khumi ndi iwiri chifukwa choopa kunena liwu limodzi lakuti sindidziwa. Ndinati ndinkakhulupiriradi kuti Obadiya wafa. Anati kukhulupirira si kudziwa, ndipo ku mishoni kunali ulendo wa tsiku limodzi, kunali anthu owerenga, koma ine sindinapite nayo kalatayo chifukwa yankho limene ndinali nalo linkandikomera.

Zinali zoona.

Titafika kumudzi sanachite phokoso. M'mawa mwake ndinapeza mphasa yanga, khasu langa ndi sileti zili panja pakhomo, jekete atalipinda bwinobwino pamwamba. Ankhoswe anayesa kumukumbutsa kuti boma lagamula kuti ukwati ukuima. Iye anati boma likaime nawo kwawo. Ndinatuluka m'mudzimo dzuwa litangokwera, ndipo panjira ya kudambo ndinapeza Obadiya atakhala pasutikesi yake, nayenso alibe kolowera. Tinayenda limodzi mpaka pamphambano.

7

Inu amene mukuwerenga izi, mwina mukuti mlandu ndinapambana. Inde ndinapambana, ndipo chikalata chake chiyenera kuti chikadalipo m'buku lina ku boma. Koma bwalo limangogamula kuti mkazi ndi wa yani, siliuza mkaziyo kuti atsegule chitseko.

Zilembo zolumikizana zija ndinadzaphunzira pambuyo pake kwa kalaliki wina wa m'sitolo. Zinanditengera miyezi iwiri yokha. Miyezi iwiri! Mpaka lero ndikakumbuka ndimafuna kudzimenya mbama. Choncho wina akakubweretserani pepala limene simukulimva, kaya ndi kalata, kaya ndi samani, kaya ndi chikalata cha munda, musayang'ane jekete lanu. Nenani kuti simudziwa, mumuperekeze kwa wodziwa. Akusekani tsiku limodzi basi. Ndipo nkhani ya m'banja la mwini musaikwezere pachulu, ngakhale mutaikometsa bwanji, chifukwa amene adzagone nayo ndi mwini wakeyo.

Lenia anadzakwatiwa ndi mlimi wina wa ku Chisepo, munthu wachete, ndipo anabereka naye ana anayi. Anakhala ndi moyo zaka zina makumi atatu. Tinkakumana m'maliro ndi m'maukwati, ndipo sanandinyozepo ngakhale kamodzi. Ankagwada n'kundipatsa moni ndi ulemu wonse, monga mmene mkazi woleredwa bwino amaperekera moni kwa munthu amene anamuphera mwamuna.